Nyenyezi pa jezi, nthenga pa chipewa

Chipewa chija ndinachigula pa kaunjika mu Limbe, Loweruka lina belo litangotsegulidwa kumene. Chinali chabuluu woderako, nsalu yake yokhuthala bwino, ndipo kutsogolo kwake anasokererapo nkhope ya munthu yofiira ngati tomato wakupsa, mano onse ali pamtunda, mphuno yaikulu yokhota, nthenga imodzi itaima kunkhongo. Sindinafunse kuti nkhopeyo ndi ya yani. Pa kaunjika timaona ngati msoko uli wolimba ndi ngati mtengo ungatsike, zojambula sitiziwerengera. Ndinachivala zaka zingapo, ku mpira, m'minibasi, ngakhale kumaliro komwe ndinkachivula n'kuchipanira m'khwapa.

Amene ananditsegula maso ndi mwana wa achemwali anga. Tsiku lina tikudya nsima anachiyang'anitsitsa chili pa mpando, kenaka anati, "Amalume, kodi mukudziwa kuti chizindikiro ichi eni ake anachisiya?" Anatulutsa foni n'kundionetsa. Nkhopeyo inali ndi dzina, Chief Wahoo, ndipo inali ya timu ya baseball ya mumzinda wa Cleveland ku America, yomwe panthawiyo inkatchedwa Indians. Timuyo inachotsa nkhopeyi pa yunifolomu kuyambira mu 2019, ndipo pofika 2022 inasinthiratu dzina n'kukhala Guardians. Chomwe ine ndinkachiona ngati kachidole koseketsa chinali chithunzi chonyoza eni nthaka a ku America, anthu amene azungu anawapeza kumeneko n'kuwatcha Amwenye molakwitsa, n'kuwalanda malo, ambiri n'kuwapha.

Zinandikhudza, ndipo usiku umenewo ndinatha bandulo yonse ndikuwerenga. Ine baseball sindiidziwa, masewero anga ndi basketball kuyambira ku sekondale, pa bwalo la simenti yong'ambika ndi ring'i yopanda neti. Choncho ndinayamba kufufuza ngati matimu a basketball nawonso anali ndi zizindikiro zotere. Ndinapeza chakale cha Warriors, timu yomwe lero ana onse amaidziwa chifukwa cha Stephen Curry. Isanasamukire ku San Francisco mu 1962 inali ya ku Philadelphia, ndipo chizindikiro chake chinali kamunthu kojambulidwa moseketsa, kanthenga kumutu, kakudunda mpira kakusekerera. Nditatsata kuti mwini timuyo anali ndani ndinakumana ndi dzina la Eddie Gottlieb, ndipo kumbuyo kwa dzinalo kunali chithunzi china chimene chakhala chikundizungulira m'mutu mpaka lero: anyamata ataima pamzere, pa jezi zawo pali zilembo za Chiheberi ndi nyenyezi ya Davide.

Timuyo inkatchedwa SPHAS. Dzinali ndi zilembo zoyamba za South Philadelphia Hebrew Association, bungwe la Ayuda a kummwera kwa mzindawo limene linawagulira mayunifolomu. Anaiyambitsa ndi anyamata atatu ongomaliza kumene sukulu, Gottlieb, Harry Passon ndi Hughie Black, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili pafupi kutha. Gottlieb anabadwira ku Kyiv mu 1898 ndipo anafika ku America ali mwana. Makolo ake anali m'gulu la Ayuda pafupifupi 2 miliyoni omwe anathawa umphawi ndi ziwembu za kummawa kwa Ulaya pakati pa 1881 ndi 1924. Anthuwa anadzazana m'nyumba zothithikana za ku New York ndi Philadelphia, makolo akugwira ntchito m'mafakitale osoka zovala. Mwana wa m'makwalala otero analibe bwalo la udzu. Basketball inali itangoyamba kumene, James Naismith anaiyambitsa mu 1891, ndipo inkangofuna mpira umodzi, kachipinda kapena kampata pakati pa nyumba, ndi chinthu choponyamo. Amene anakulira ku Ndirande kapena ku Kawale akumenya mpira wachikulunga pakati pa nyumba ndi nyumba amvetsa msanga chifukwa chake masewerowa anagwira mtima ana a Ayuda.

Poyamba SPHAS inalibe bwalo lakelake, moti anthu ankaitcha Ayuda oyendayenda, mawu amene m'mbiri ya Ulaya ali ndi mbola yake. Basketball ya masiku amenewo inali yankhanza. M'malo ambiri ankasewerera mkati mwa mpanda wa waya kapena wa zingwe, ndipo oonera ankatha kulowetsa ndudu yoyaka pa mpata n'kumuotcha wosewera pa mwendo. Kwa timu yovala zilembo za Chiheberi pachifuwa, zotukwana zinkadziwika kale kuti zikhala za mtundu wanji. Kenaka anapeza pakhomo: holo yovinira ya Broadwood Hotel pa Broad Street. Loweruka usiku kunkakhala gemu, gemu ikatha dansi inkayamba pa bwalo lomwelo. Mmodzi wa osewera, Gil Fitch, ankathamangira kukasamba, n'kuvala suti, n'kubwera kudzatsogolera bandi. Ndimayesa kuona m'maganizo mwanga atsikana ndi anyamata amene sabata yonse akhala akuwerama pa makina osokera, usiku umodziwo atatchena, akuchemerera anyamata a m'dera lawo, kenaka akuvina pomwe thukuta la osewera lisanaume. Mabanja ambiri a Ayuda a ku Philadelphia anayambira pamenepo.

Ndipo mpira ankautha. Mu American Basketball League, ligi yaikulu ya kummawa kwa dzikolo isanabadwe NBA, yomwe lero ndiyo ligi yaikulu ya basketball ku America, SPHAS inatenga ukatswiri kasanu ndi kawiri pakati pa 1934 ndi 1945. Mayina ngati Cy Kaselman, Inky Lautman, Shikey Gotthoffer ndi Harry Litwack ankatchulidwa m'makwalala momwe ife tinkatchulira Kinnah Phiri. Kunalinso ena. Nat Holman anali katswiri wa Original Celtics, ndipo atakhala kochi wa City College of New York anatenga zikho ziwiri zikuluzikulu za makoleji, NCAA ndi NIT, chaka chimodzi cha 1950, zomwe palibe wina anachitapo. Pa 1 Novembala 1946, mu gemu yoyamba ya ligi yomwe inadzakhala NBA, New York Knicks inagonjetsa Toronto Huskies 68 kwa 66, ndipo amene anaponya basiketi yoyamba anali Ossie Schectman, Myuda yemwe anaseweraponso mu SPHAS.

Anthu akapambana, amene sawakonda amafuna chifukwa china kupatula khama. Paul Gallico, mkonzi wa zamasewero wa New York Daily News m'zaka za m'ma 1930, analemba kuti basketball imawayanja Ayuda chifukwa imafuna mutu wachiwembu, ukathyali ndi kuzemba mochenjera. Anatenga bodza lakalekale lonena za Myuda wa pamsika n'kuliveka jezi. Patapita zaka, Ayuda atasamukira m'madera abwinoko ndipo makwalala aja atadzaza ndi anthu akuda ochokera kummwera, olemba ena anayamba kunena kuti anthu akuda amatha basketball chifukwa cha chibadwa cha matupi awo. Makwalala anali omwewo, umphawi womwewo, ring'i yomweyo. Chinasintha ndi mtundu wa ana amene ankakhala pa ring'ipo mpaka mdima.

Koma tabwererani ku zaka zija, 1934 mpaka 1945. Hitler analowa m'boma mu 1933 ndipo anafa mu 1945. Zaka zonse zimene SPHAS inkatenga zikho, abale awo ku Ulaya ankachotsedwa ntchito, kulandidwa masitolo, kenaka kukwezedwa sitima zopita kokaphedwa. Ku Vienna kunali kalabu ya Ayuda yotchedwa Hakoah, kutanthauza mphamvu, yomwe inatenga ligi ya mpira wa miyendo ya Austria mu 1925. Anazi atalowa mu 1938 anaitseka n'kulanda bwalo lake. Mu 1941 Ayuda a ku Germany analamulidwa kusokerera nyenyezi yachikasu pa zovala kuti aliyense aziwazindikira pamsewu. Nako ku America sikunali kwa mtendere weniweni: mu Febuluwale 1939 anthu pafupifupi 20,000 anasonkhana mu Madison Square Garden ku New York pa msonkhano wa otsatira Anazi. Nthawi yomweyo, Loweruka lililonse, anyamata a Gottlieb ankatuluka m'chipinda chovalira ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi yomweyo pa yunifolomu. Ku Berlin wina ankakukakamiza kuivala kuti uchite manyazi. Ku Broadwood unkaivala wekha, amayi ako ali m'gulu la oonera. Ndikayang'ana chithunzi chija mmero umandiuma.

Chithunzi chimenechi n'chimene chinandithandiza kuyankha funso limene anzanga amandiponyera tikamakambirana nkhaniyi. Amati, ngati kunali timu yotchedwa Aheberi, ngati Boston ili ndi Celtics, ngati yunivesite ya Notre Dame ili ndi Fighting Irish, vuto la Indians ndi Redskins n'chiyani? Onsewo si mayina a mitundu ya anthu? Inde ndi mayina a mitundu. Koma SPHAS inali ya Ayuda, osewera ambiri Ayuda, ochemerera Ayuda, ndalama ya pakhomo inkazungulira m'dera lawo. Boston ndi mzinda wodzaza ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Ireland, ndipo ndiwo ankagula matikiti. Ku Harlem, dera la anthu akuda ku New York, Bob Douglas anayambitsa mu 1923 timu ya anthu akuda n'kuitcha Renaissance potengera holo yovinira yomwe ankasewerera, ndipo anthu a m'deralo ankangoti Rens, timu yawo. Onsewa anadzitcha okha.

Redskins, kutanthauza anthu a khungu lofiira, ndi dzina limene George Preston Marshall anapatsa timu yake ya mpira wa ku America mu 1933, idakali ku Boston, asanaisamutsire ku Washington mu 1937. Munthuyu ndi amene anakana kulemba osewera akuda mpaka 1962, matimu ena onse a mu ligi yawo ya NFL atayamba kale, ndipo anagonja pokhapokha boma litamuopseza kuti limuletsa kugwiritsa ntchito bwalo latsopano. Wina akandiuza kuti dzinalo linali lolemekeza eni nthaka, ndimakumbuka kuti analisankha ndi bambo ameneyu.

Ndipo tiyenera kuona zimene zinkachitikira eni nthakawo pa nthawi imene mayinawa ankafala. Kuyambira 1879, pamene sukulu ya Carlisle inatsegulidwa ku Pennsylvania, ana awo ankatengedwa kupita ku sukulu zogonera komweko, kumetedwa tsitsi, kupatsidwa mayina achizungu, kumenyedwa akayankhula chinenero cha makolo awo. Mu 1883 boma linakhazikitsa malamulo oletsa magule ndi miyambo yawo yachipembedzo, ndipo lamulo loteteza ufulu wawo wopembedza linadzabwera mu 1978. Ndiye kuti panali nthawi imene mwini gule akavina ankalangidwa, pamene mzungu wodzipaka utoto kumaso ankavina gule yemweyo monyengezera pakati pa bwalo, khamu likuomba m'manja. Nthenga za chiombankhanga zimene mafumu awo amavala kumutu sizogula. Munthu amapatsidwa imodziimodzi chifukwa cha zimene wachitira anthu ake. Ine ndinakulira kumene Gule Wamkulu akatuluka ana amathawa ndipo akuluakulu amapatuka panjira. Nditaganiza za alendo amene atilanda dambwe, atiletsa kuvina, kenaka n'kuveka mnyamata wawo chigoba cha pulasitiki kuti azisangalatsa anthu pa hafu taimu, mowa uli m'manja, ndinasiya kufunsa chifukwa chake anthu aja ankaima panja pa mabwalo ndi zikwangwani chaka ndi chaka.

Sindibisa kuti eni nthakawo sanena chimodzi onse. Kafukufuku wa Washington Post mu 2016 anapeza kuti 9 mwa 10 alionse amene anafunsidwa sankakhumudwa ndi dzina la Redskins. Wina wa mu 2020, wa akatswiri a ku mayunivesite a Michigan ndi Berkeley, amene anafunsa anthu oposa 1,000, anapeza kuti pafupifupi theka ankakhumudwa nalo, makamaka amene amatsatira kwambiri miyambo yawo. Akatswiri ena a zinenero amanenanso kuti mawuwa poyambirira ankagwiritsidwa ntchito ndi eni nthaka okha podzisiyanitsa ndi azungu. Zimenezo n'zotheka, koma mawu amasintha fungo malinga ndi pakamwa pamene adutsa. Kwathu kuno Alomwe anakana dzina loti Anguru, ndipo munthu waulemu sayamba kuwawerengera mbiri ya dzinalo kuti alilandire. Achimwene athu amene ali ku Joni amadziwa mmene liwu loti makwerekwere limamvekera likachokera kwa munthu amene wakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ngati theka la anthu a pamudzi lakuuza kuti dzina ukuwatchulalo likuwapweteka, sudikira kuti theka linalo livomereze.

Pali njira ina imene ndimailemekeza. Florida State University imatchedwa Seminoles, dzina la mtundu wina wa eni nthaka, ndipo mu 2005, pamene NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji, linayamba kuletsa zizindikiro zonyoza, akuluakulu a Seminole Tribe of Florida analemba poyera kuti akuvomereza dzinalo. Amafunsidwa za zovala ndi za mwambo wa pabwalo. Si onse amene amakondwa nazo, koma pamenepo pali anthu amene anagogoda pakhomo n'kudikira kuyankhidwa. Ku Washington kunalibe zimenezo. Suzan Shown Harjo, mayi womenyera ufulu wa eni nthaka, ndi anzake anayamba kulimbana ndi dzina la Redskins mwa malamulo mu 1992. Mu 2013 mwini timu, Dan Snyder, anauza atolankhani kuti sadzalisintha mpaka kalekale, ndipo anati alembe mawuwo m'zilembo zikuluzikulu. Mu Julaye 2020, George Floyd, munthu wakuda, ataphedwa ndi wapolisi ndipo makampani ngati FedEx atayamba kunena za kuchotsa ndalama zawo, dzinalo linagwa m'masabata awiri okha. Mu 2022 timuyo inakhala Commanders. Ndinakondwa, koma zimandiwawa kuti madandaulo a zaka pafupifupi 30 analephera kuchita zimene kalata ya kampani inachita.

Tsopano ndibwerere kwa Gottlieb, chifukwa apa m'pamene nkhaniyi imandisowetsa mtendere. Munthuyu ndimamukonda. Ankakonza yekha pamanja ndandanda ya magemu a NBA kwa zaka zambirimbiri. Anali mmodzi wa eni Philadelphia Stars, timu ya baseball ya anthu akuda, pa nthawi ya tsankho. Anatsogolera Warriors kutenga chikho choyamba cha ligi yatsopano mu 1947, ndipo ndiye anabweretsa katswiri Wilt Chamberlain mu 1959. Anamva ndi makutu ake anyamata ake akutukwanidwa chifukwa cha zilembo za pa jezi. Ankadziwa zithunzi za Myuda wa mphuno yokhota zimene nyuzipepala za Anazi zinkasindikiza. Komabe timu yake ya Warriors inkayenda ndi kachithunzi ka mwini nthaka kakusekerera ndi mpira. Sindikhulupirira kuti anali ndi mtima woipa. Ndikuganiza kuti sanakaone n'komwe, monga mmene ine sindinaonere nkhope ya pa chipewa changa. Eni nthaka sankakhala pa Broad Street, sankagula matikiti, sankalemba mu nyuzipepala. Kwa iye anali anthu a m'mafilimu. Chilonda chake chinamuphunzitsa kumva ululu wa anthu amene ankawaona tsiku ndi tsiku, ndipo chinalekera pomwepo. Izi zimandiopsa chifukwa ine ndine munthu wakuda wa m'dziko limene linalamulidwapo ndi atsamunda, ndipo ndinkadziona ngati wodziwa tsankho ndikaliona.

Abe Saperstein, Myuda wina wobadwira ku London, anatcha timu yake ya anthu akuda Harlem Globetrotters pamene inali ya ku Chicago, kuti anthu a m'matauni ang'onoang'ono adziwiretu mtundu wa osewera amene akubwera. Timuyo inadzasewera koyamba ku Harlem mu 1968. Mapeto a SPHAS analumikizana ndi timu imeneyi: Gottlieb atapita ku Warriors ndi ligi yakale itafooka, SPHAS inasanduka imodzi mwa matimu oyenda ndi Globetrotters n'kumagonja usiku uliwonse, ndipo Red Klotz, yemwe anaseweramo, ndiye anayambitsa Washington Generals, timu yomwe inapitiriza ntchito yogonjayo. Dzina limene linkanyamula dera lonse linazimiririka mwakachetechete m'ma 1950.

Ku London nkhani ya dzina lodzitcha wekha inafika povuta. Ochemerera Tottenham ankatukwanidwa ndi a matimu ena ndi liwu lonyoza Ayuda, chifukwa kalabuyo inali ndi masapota ambiri achiyuda. Iwo analitenga liwulo n'kuyamba kuliimba okha monyadira. Koma ambiri oimbawo si Ayuda, ndipo Ayuda ena anati nyimboyo imangopatsa mpata a mbali inayo kuyankha ndi zoipa kwambiri, mpaka kutsanzira phokoso la mpweya wa poizoni wa m'misasa ya Anazi. Mu 2022 kalabuyo inapempha masapota ake kuti alisiye. Apa ndimaima ndi amene anapempha. Anyamata a SPHAS akavula jezi ankakhalabe Ayuda pobwerera kunyumba usiku. Woimba wa pa bwalo la Tottenham amene si Myuda amalisiya dzinalo pageti.

Mwini timu mmodzi anasintha dzina popanda kukakamizidwa ndi aliyense. Abe Pollin, Myuda, anali mwini Washington Bullets ya basketball. Mzindawo unali ndi imfa zambiri za mfuti, ndipo mu Novembala 1995 mnzake Yitzhak Rabin, nduna yaikulu ya Israel, anaomberedwa n'kufa. Pollin ananena kuti sakufunanso zipolopolo pa jezi za timu yake, ndipo mu 1997 inakhala Wizards. Nditawerenga izi ndinaganiza za Bullets yathu ya ku Blantyre. Ndikamva Maule akuimba pa Kamuzu Stadium, mfuti siibwera n'komwe m'mutu mwanga, chifukwa dzinalo kwa ife linadzaza kale ndi zigoli ndi mayina a osewera, ndipo silijambula nkhope ya mtundu wa anthu ena. Pollin ankalimva mosiyana chifukwa anali atangochoka kumaliro a mnzake.

Chimene chatsala pakhomo panga ndi jezi ya alamu anga. Anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri ndipo ndi a Kaizer Chiefs mpaka m'magazi, makamaka kuyambira nthawi imene Patrick Mabedi anali kaputeni kumeneko. Kaizer Motaung anayambitsa timuyo mu 1970 atabwerera kuchokera ku America komwe ankasewerera Atlanta Chiefs, ndipo anatengera dzina ndi chizindikiro komweko. Pa baji ya Amakhosi, monga amaitchulira timuyo, pali mutu wa mfumu yovala nthenga zoyalana kumbuyo, mavalidwe a eni nthaka a ku America. Ndinawaonetsa tsiku lina titakhala pakhonde. Anaiyang'ana bajiyo nthawi yaitali, chala chili pa nthengazo, kenaka anati, "Alamu, ine zaka zonsezi ndimayesa ndi mfumu ya Chizulu." Sindinawauze kuti aivule. Timu ija inali chonyadira cha anthu akuda a ku Soweto m'zaka zowawa za tsankho, ndipo nkhope ya pa bajiyo ndi yaulemu, siiseka ngati ija ya pa chipewa changa. Tinangokhala chete kwa kanthawi, iwo akuyang'anabe pachifuwa pawo.

Chipewa changa sindinachipereke kwa wina, chifukwa akanangopitiriza kuchivala osadziwa monga ine. Ndinatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi umodziumodzi kuzungulira nkhopeyo. Anasoka molimba, zinanditengera madzulo onse. Pamene panali nkhope panatsala chigamba chabuluu wakuda kuposa nsalu ina yonse, poti dzuwa silinafikepo, ndipo ukayang'anitsitsa timabowo ta singano tikuonetsabe pomwe panali nthenga.